Phunziro la Chess: Foloko ya Hatchi

Pa zida zonse za pa bolodi ya chess, hatchi ndi imene imagwetsa misozi ophunzira ambiri. Mwana amasewera bwino, wadya asilikali awiri a mnzake, mumtima akuti masewerawa ndi ake. Mwadzidzidzi hatchi ya mnzakeyo yadumpha, yatera pakati pa zida zake, yaopseza mfumu ndi mfumukazi nthawi imodzi. Mfumu iyenera kuthawa, mfumukazi yadyedwa, ntchito ya ola lathunthu yathera pomwepo. Podzuka pa mpando mwanayo amati analibe mwayi.

Kuopseza zida ziwiri kapena kuposerapo ndi chida chimodzi osewera amakutcha foloko, poti kumafanana ndi foloko yodyera, kapena mphanda ya mtengo: tsinde limodzi, nsonga ziwiri. M'phunziro lino tiona kuti foloko ya hatchi sibwera mwamwayi. Ili ndi malamulo ake, imaoneka isanafike, ndipo wosewera wakhama amatha kuikonza yekha. Tikupempha kuti muwerenge muli ndi bolodi pafupi, muziika zida pamene tatchula ndi kusuntha ndi dzanja lanu. Kuwerenga chess popanda bolodi n'chimodzimodzi kuphunzira masamu osagwira cholembera.

Kuwerenga bolodi

Bolodi ili ndi timabokosi 64, toyera 32 ndi takuda 32. Mizere yoimirira imatchedwa ndi zilembo a mpaka h, kuchokera kumanzere kwa wosewera zoyera. Mizere yogona imatchedwa ndi manambala 1 mpaka 8, kuyambira kumbali ya zoyera. Motero kabokosi kalikonse kali ndi dzina lake: a1 ndi kakuda, h1 ndi koyera. Bolodi ikaikidwa bwino, kabokosi ka pakona ya kudzanja lamanja la wosewera aliyense kamakhala koyera.

Polemba masewera, K ndi mfumu, Q ndi mfumukazi, R ndi ruku, B ndi bishopu, N ndi hatchi. Msilikali alibe chilembo. Timangolemba kabokosi kamene wafika. Chizindikiro x chimatanthauza kudya, + ndi cheki. Choncho Nxf7+ ndiye kuti hatchi yadya chida pa f7 ndipo yapereka cheki. Pa mtengo wa zida, msilikali timamuwerengera 1, hatchi 3, bishopu 3, ruku 5, mfumukazi 9. Manambala amenewa muwasunge, chifukwa foloko iliyonse imathera pa kuwerengera: ndapereka zingati, ndalandira zingati?

Mmene hatchi imayendera

Hatchi imayenda timabokosi tiwiri molunjika, kenaka kamodzi chammbali, ngati chilembo L. Ndi chida chokhacho chimene chimadumpha zinzake. Kaya patsogolo pake pali chida chanu kapena cha mdani, sichiitsekereza.

Ikani hatchi pa e4 pa bolodi yopanda kanthu. Ikhoza kufika pa d2, f2, c3, g3, c5, g5, d6 ndi f6: malo 8. Isunthireni pa a4, m'mphepete: malo atsala 4. Pa b1, pamene imayambira masewera, ili ndi malo 3. Pakona, pa a1, ili ndi awiri okha, b3 ndi c2. Apa tikuphunzirapo kuti hatchi ya pakati ili ndi mphamvu kuwirikiza kanayi hatchi ya pakona. Amene akufuna foloko azibweretsa hatchi zake pakati.

Hatchi ya ku Baghdad ndi yomweyi

Masewerawa anayambira ku India cha m'ma 500 ndi dzina lakuti chaturanga, nafika ku Persia, ndipo Aluya atawalandira anawatcha shatranj. Ku Baghdad, m'nthawi ya ma Khalifa a banja la Abbas, kunali akatswiri amene analemba mabuku a masewerawa. Al-Adli analemba lake cha m'ma 840, ndipo pambuyo pake kunabwera Abu Bakr as-Suli, amene anamwalira m'chaka cha 946 ndipo dzina lake linakhala chitsanzo cha ukatswiri kwa zaka mazana ambiri. M'mabuku awo ankasonkhanitsa mansubat, kutanthauza zida zoikidwa kale pa bolodi kuti wophunzira apeze yekha njira yopambanira. Mafunso amene ali kumapeto kwa phunziro lino ndi a mtundu womwewo.

Zida zina zasintha kwambiri kuchokera nthawi imeneyo. Pamalo pa mfumukazi panali firzan, nduna yofooka yoyenda kabokosi kamodzi kokha mopendekeka. Mfumukazi yamphamvu imene tikuidziwayi inayamba ku Ulaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Pamalo pa bishopu panali fil, njovu. Koma hatchi, imene Aluya ankaitcha faras, liwu lomwe linabala farasi wa m'Chiswahili, sinasinthe mayendedwe ake ngakhale pang'ono. Nthawi imeneyo chida champhamvu koposa chinali rukh, ndipo cheki yoopsezanso rukh nthawi yomweyo inali ndi dzina lakelake, shah-rukh. Mwana amene lero wadumphitsa hatchi yake n'kugwira mfumu ndi ruku wachita chimene as-Suli akanachizindikira pompo.

Chifukwa chiyani foloko ya hatchi imapweteka kuposa zina?

Chida chilichonse chikhoza kupanga foloko, ngakhale msilikali. Koma ya hatchi ili ndi zinthu zitatu zimene zina zilibe.

Choyamba, hatchi imaopseza zida zimene sizingaibwezere. Ruku ikaloza mfumukazi, mfumukazi nayo yailoza ruku. Bishopu akaloza mfumukazi, chimodzimodzi. Koma hatchi ikaloza mfumukazi, ruku kapena bishopu, zidazo sizingaidye kuchokera pamene zaima, chifukwa palibe chimene chimayenda ngati L.

Chachiwiri, cheki ya hatchi sitsekeka. Ruku kapena bishopu akapereka cheki ali patali, mukhoza kuika chida pakati. Hatchi imadumpha, choncho njira zatsala ziwiri: kuidya kapena kusuntha mfumu.

Chachitatu, maso athu anazolowera mizere yowongoka. Timaona msanga bishopu amene akutiyang'ana kuchokera kutali, koma hatchi imene ili pafupi, chammbali, imatidutsa. Ichi ndi chifukwa chake tiyenera kuphunzitsa maso athu mwadala.

Lamulo la mtundu wa kabokosi

Bwererani pa hatchi ija ya pa e4. Kabokosi ka e4 ndi koyera. Yang'anani malo 8 aja amene ingafike: onse ndi akuda. Hatchi imasintha mtundu wa kabokosi nthawi iliyonse ikadumpha, kuchoka pa koyera kupita pa kakuda, kuchoka pa kakuda kupita pa koyera. Palibe tsiku limene imaphwanya lamuloli.

Kuchokera apa tikupeza mfundo ziwiri zimene ndi mtima wa phunziro lonseli. Yoyamba: hatchi ingagwire zida ziwiri pokhapokha zidazo zitaima pa timabokosi ta mtundu umodzi. Mfumu ikakhala pa koyera, mfumukazi pa kakuda, palibe hatchi ingazigwire pamodzi. Yachiwiri: kuti foloko ichitike pa kudumpha kotsatira, hatchi iyenera kukhala pa mtundu womwewo umene zida ziwirizo zaimapo. Imachoka pa koyera, kutera pa kakuda, n'kuloza toyera.

Choncho musanasunthe, funso ndi lalifupi: hatchi ya mnzanga ili pa mtundu wanji, nanga zida zanga zikuluzikulu zili pa mtundu wanji? Ngati mitundu yafanana, imani kaye muwerenge malo onse amene ingatere. Ngati yasiyana, pa sitepe imeneyi foloko palibe. Funso lomweli mulitembenuze pofuna kugwira mnzanu.

Kufanana kwa mtundu si chitsimikizo chakuti foloko ilipo. Ndi belu lochenjeza chabe. Pali kaimidwe kamodzi kofunika kukadziwa: zida ziwiri zikaima pa mzere wopendekeka, umene bishopu amayendamo, ndi kabokosi kamodzi pakati pawo, monga c3 ndi e5, hatchi singazigwire pamodzi ngakhale zili pa mtundu umodzi. Yesani nokha, simupeza kabokosi kolozera zonse ziwiri.

Makomo awiri: f7 ndi c7

Masewera akamayamba, wosewera aliyense ali ndi malo awiri ofooka. Kwa wa zakuda ndi f7 ndi c7. Kwa wa zoyera ndi f2 ndi c2. Hatchi ikatera pa f7 imaloza mfumukazi pa d8 ndi ruku pa h8. Ikatera pa c7 imaloza mfumu pa e8 ndi ruku pa a8.

Sewerani izi pa bolodi: 1. e4 e5 2. Nf3 Nc6 3. Bc4 Nf6 4. Ng5. Tsopano hatchi ya pa g5 ndi bishopu wa pa c4 onse akuyang'ana f7, ndipo mlonda wa f7 ndi mfumu yokha. Ophunzira ambiri pano amasewera 4... h6 pofuna kuthamangitsa hatchi. Koma hatchi sithawira kumbuyo: 5. Nxf7. Mfumu singaidye chifukwa bishopu akuiteteza. Mfumukazi ikachoka, ruku ya pa h8 yapita. Yankho loyenera linali 4... d5, kutseka njira ya bishopu kuti hatchi isakhale ndi womuteteza pa f7.

Chitsanzo cha c7: 1. e4 e5 2. Nf3 Nc6 3. d4 exd4 4. Nxd4 Qh4 5. Nb5. Mfumukazi yakuda, imene inkalondera c7 ili pa d8, yapita kukasaka kutali, ndipo hatchi yoyera ikufuna Nxc7+. Wa zakuda akhoza kudya msilikali ndi 5... Qxe4+, koma pambuyo pa 6. Be2 amakakamizika kuteteza c7, kawirikawiri ndi mfumu yeniyeniyo, 6... Kd8. Wapeza msilikali mmodzi, koma mfumu yake yataya ufulu wokabisala pakona ndipo ikhala pakati pa bolodi nthawi yaitali. Onani kuti foloko sinachitike n'komwe. Kungoiopseza kwasokoneza nyumba yonse. Tikumbukirenso kuti aliyense wotulutsa mfumukazi msanga azidzifunsa kuti c7 kapena c2 wamusiyira yani.

Kukonza foloko

Mnzanu akayamba kuchenjera, sadzakuikirani zida zake pabwino kuti muzigwire. Apa m'pamene pamasiyana wongodikira ndi wodziwa kukonza. Njira zake zikuluzikulu ndi ziwiri.

Njira yoyamba ndi kuona mlonda womangidwa. Ikani zoyera: mfumu g1, mfumukazi g3, hatchi e4, asilikali f2, g2, h2. Zakuda: mfumu g8, mfumukazi d7, asilikali f7, g7, h7. Tiyambe ndi funso lathu. Hatchi pa e4 ili pa koyera, mfumu pa g8 pa koyera, mfumukazi pa d7 pa koyera. Belu lalira. Kabokosi kolozera g8 ndi d7 ndi f6. Poyang'ana koyamba f6 ikuoneka yotetezedwa ndi msilikali wa pa g7. Koma msilikaliyo akachoka pa g7, mfumu yake ikhala maso ndi maso ndi mfumukazi yoyera ya pa g3, ndipo lamulo sililola zimenezo. Mlondayo ndi womangidwa, ali ngati palibe. Choncho 1. Nf6+, mfumu isuntha, 2. Nxd7. Musamangoona kuti kabokosi kali ndi mlonda; funsani ngati mlondayo ali womasuka kugwira ntchito yake.

Njira yachiwiri ndi kukokera chida pamene mukuchifuna. Ikani zoyera: mfumu g1, mfumukazi b3, ruku c1, hatchi d5, asilikali f2, g2, h3. Zakuda: mfumu g8, mfumukazi d8, ruku f8, bishopu c8, asilikali f7, g7, h7. Hatchi pa d5 ili pa koyera, mfumu pa koyera, koma mfumukazi pa d8 ili pa kakuda. Mukathamangira 1. Ne7+, mfumukazi ingoidya. Nanga mfumukaziyo ikanakhala pa c8, pa koyera? Pamenepo Ne7+ ikanagwira zonse. Ndiye tiikokere kumeneko: 1. Rxc8 Qxc8 2. Ne7+ Kh8 3. Nxc8 Rxc8. Tiwerengere. Wa zoyera wapereka ruku ndi hatchi, 8. Walandira bishopu ndi mfumukazi, 12. Watsala ndi mfumukazi kulimbana ndi ruku. Wa zakuda akakana kudya ruku pa c8, ndiye kuti wataya bishopu ulele.

Kaganizidwe kake n'kofunika kuposa mayendedwe enieniwo. Timayamba ndi kufunsa kuti, chida chija chikanakhala pati kuti foloko itheke? Kenaka timafufuza cheki kapena kudya kumene kungachikakamize kupita pamenepo. Timayambira kumapeto n'kubwerera m'mbuyo.

Mmene Petrosian anachitira ku Moscow

Mu 1966, mu mzinda wa Moscow, Tigran Petrosian ankateteza udindo wake wa katswiri wa dziko lonse polimbana ndi Boris Spassky. M'masewera a nambala 10, Petrosian anali ndi zoyera. Chakumapeto, zida zofunika zinaima motere: hatchi yoyera pa d6, mfumukazi yoyera pa b2, mfumu yakuda pa g8, ruku yakuda pa f7, mfumukazi yakuda pa g5, msilikali wakuda pa h7. Mzere wopendekeka wochokera pa b2 kukafika pa h8 unali wotseguka.

Gwiritsani ntchito lamulo lathu. Hatchi pa d6 ili pa kakuda. Mfumukazi ya Spassky pa g5 ili pa kakuda. Mfumu pa g8 ili pa koyera. Hatchi ikanadya ruku pa f7 nthawi yomweyo, mfumu ikanaibwezera. Koma pa h8 ndi pakuda, ndipo hatchi ya pa f7 imaloza h8 ndi g5. Petrosian anasewera 30. Qh8+, kupereka mfumukazi yake yonse. Spassky anavomereza kugonja pomwepo, chifukwa mfumu inalibe kochitira mwina koma kudya, 30... Kxh8, ndipo 31. Nxf7+ imadya ruku ndi cheki, kenaka hatchi yomweyo imadya mfumukazi pa g5. Kupereka 9, kulandira 14. Petrosian anapambana mpikisano wonsewo ndi mapointi 12½ kwa 11½. Masewera amodzi amenewa anali olemera motero.

Chotiphunzitsa kwambiri n'chakuti aka sikanali koyamba. Zaka 10 m'mbuyo mwake, mu 1956, Petrosian yemweyo anagonjetsa Vladimir Simagin ndi njira yomweyo: mfumukazi pa h8, mfumu idya, hatchi pa f7. Katswiri saona zinthu zimene ena sangazione; amazindikira nkhope imene anaionapo kale. Nanunso mukaona kaimidwe kameneka kasanu, kakhumi, maso anu adzayamba kukapeza okha.

Foloko yonyenga

Si foloko iliyonse imene ili yodyedwa. Pali msampha wakale umene wagwira oyamba kumene ambirimbiri: 1. e4 e5 2. Nf3 Nc6 3. Bc4 Nd4. Wa zakuda wasiya msilikali wa pa e5 wopanda mlonda. 4. Nxe5 Qg5. Tsopano wa zoyera akuona chinthu chokoma: 5. Nxf7, foloko ya mfumukazi pa g5 ndi ruku pa h8. Koma foloko imeneyi ilibe cheki, choncho wa zakuda ndi womasuka kuchita zake: 5... Qxg2, kuopseza ruku ya pa h1. 6. Rf1 Qxe4+ 7. Be2 Nf3, chekimeti. Mfumu yoyera yazingidwa ndi zida zake zomwe, bishopu wa pa e2 ndi womangidwa, ndipo hatchi ija ya foloko idakali pa f7 kuyang'ana ruku imene sidzaidya. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Motero mukaona foloko, gwirani dzanja lanu mufunse mafunso atatu. Kodi pamene hatchi iterepo pali chida chomasuka choti chiidye? Kodi foloko yanga ili ndi cheki? Ngati ilibe, mnzanga ali ndi cheki kapena chiopsezo chachikulu kuposa changa? Foloko ya cheki imalamula. Yopanda cheki imangopempha, ndipo mnzanu akhoza kukana.

Mukagwidwa ndinu

Tsiku lina mudzagwidwa, chifukwa aliyense amagwidwa. Chimene chimaononga ana ambiri si foloko yeniyeniyo koma kutaya mtima: amangosuntha chida chilichonse mwamsanga kuti manyazi athe. Khalani pansi, tsatani mafunso awa mwandondomeko.

Kodi ndingaidye hatchiyo? Yang'anani bolodi yonse, ngakhale bishopu amene ali kutali. Kodi ndingachotse chida chimodzi ndi cheki, kuti mnzanga akamayankha ndipulumutse chinacho? Kodi ndingachotse chimodzi n'kuopseza chinthu chachikulu, monga anachitira wa zakuda mu msampha uja? Kodi ndingasunthe chimodzi kuti chiteteze chinzake, kuti hatchi ikadya nanenso ndiidye? Ruku kusinthana ndi hatchi ndi kutaya 2, osati 5. Ndipo ngati hatchi yadya ruku pakona, kumbukirani kuti pa a8 ili ndi makomo awiri okha, b6 ndi c7. Mukawatseka, hatchiyo situlukanso.

Ngati zonsezi zakanika, sankhani. Mapanga awiri avumbwitsa. Pulumutsani chida cha mtengo waukulu, pitirizani masewera ndi mtima wodekha. Mnzanu amene wangodya ruku nthawi zambiri amayamba kusewera mosasamala.

Kupewa kuli ndi njira zake. Bisani mfumu pakona msanga, kusuntha kumene kumalembedwa 0-0, chifukwa kumachotsa mfumu pa e8 kapena e1 ndipo ruku imabwera kudzalondera f7 kapena f2. Musalole hatchi ya mdani kukhazikika pakati pa dera lanu. Msilikali pa c6, mwachitsanzo, amaitsekera d5 ndi b5. Kumapeto kwa masewera, pamene mfumu yatuluka kudzamenya nawo nkhondo, iimikeni pa mzere wopendekeka ndi hatchi ya mdani, kabokosi kamodzi pakati: hatchi ili pa c3, mfumu pa e5. Kuchokera pamenepo hatchi imafunika kudumpha katatu kuti ipereke cheki.

Zoyeserera za tsiku ndi tsiku

Mphindi 10 pa tsiku zimaposa maola atatu a Loweruka lokha. Yambani ndi bolodi yopanda kanthu. Yendetsani hatchi kuchokera pa a1 kukafika pa h8. Njira yaifupi ndi kudumpha 6. Kenaka kuchokera pa a1 kupita pa b2, kabokosi koyandikana nako. Mudzadabwa kuti pamafunika kudumpha 4. Mukatero, wina aike mfumu ndi mfumukazi paliponse pa bolodi, inu munene msanga ngati pali kabokosi ka foloko ndi dzina lake. Yambani ndi mtundu: ngati yasiyana, yankho ndi ayi, osataya nthawi.

Kwa makolo, zoyesererazi sizifuna kuti mudziwe chess. Amene amasewera bawo akudziwa kale mwambo wake: suyamba kufesa usanawerenge kumene nkhomo yomaliza ikagwere. Mukhoza kumuikira mwana zida ziwirizo n'kumuuza kuti akuonetseni ndi chala mmene hatchi ikuzilozera. Ngati kunyumba kulibe bolodi, katoni yojambulidwa timabokosi 64 ndi zitsekerero za mabotolo zolembedwa zilembo zimakwanira. Chimene mwana akuphunzira pamenepo ndi kuima kaye, kuyang'ana mbali zonse, ndi kuwerengera asanagwire kanthu.

Mafunso

Pa funso lililonse akusuntha ndi wa zoyera. Musayang'ane mayankho musanalembe anu.

1. Zoyera: mfumu g1, hatchi d4, asilikali f2, g2, h3. Zakuda: mfumu g7, mfumukazi c7, asilikali g6, h7. Hatchi ili ndi macheki awiri. Yoyenera ndi iti?

2. Zoyera: mfumu g2, ruku h1, hatchi e5, asilikali f2, g3. Zakuda: mfumu g8, mfumukazi d8, asilikali f7, g7. Wa zakuda akufuna kusewera Qd5+ kuti adye hatchi. Mungamutsogolere bwanji?

3. Zoyera: mfumu g2, asilikali a4, e7. Zakuda: mfumu g7, mfumukazi c7. Msilikali wa pa e7 watsala sitepe imodzi kuti afike kumapeto. Asanduke chiyani?

Mayankho

1. Ne6+. Hatchi, mfumu ndi mfumukazi zonse zinali pa takuda, ndipo e6 imaloza g7 ndi c7. Cheki inayo, Nf5+, ingotayitsa hatchi kwa msilikali wa pa g6.

2. Rh8+. Mfumu ilibe kwina kopita koma Kxh8, ndipo yachoka pa koyera kupita pa kakuda. Kenaka Nxf7+ ndi Nxd8. Iyi ndi njira ya Petrosian, ruku italowa m'malo mwa mfumukazi.

3. Asanduke hatchi, e8=N+. Kuchokera pa e8 hatchi imaloza g7 ndi c7, ndipo ikadya mfumukazi, wa zoyera amatsala ndi hatchi ndi msilikali wa pa a4 amene akapeze mfumukazi yatsopano. Akanasanduka mfumukazi pa e8, onse awiri akanakhala ndi mfumukazi ndipo nkhondo ikanapitirira popanda chitsimikizo.

Amene wapeza onse atatu apange funso lakelake la foloko, alilembe bwinobwino ndi yankho lake kuseri kwa pepala, abwere nalo tsiku la chess kuti anzake aliyese.